Maggie Mulubwa, mwana amene anasewera ngati Shula

Maggie Mulubwa, amene m'zolemba zina amatchedwa Margaret Mulubwa, ndi mtsikana wa ku Zambia amene anadziwika m'chaka cha 2017 chifukwa cha filimu yotchedwa I Am Not a Witch, kutanthauza kuti sindine mfiti. Mbiri yake pa zamafilimu yagona makamaka pa ntchito imeneyi, imene anaigwira asanakwanitse zaka khumi ndiponso asanaphunzirepo zisudzo kwina kulikonse.

Filimuyi analemba ndi kuitsogolera ndi Mayi Rungano Nyoni, amene anabadwira ku Lusaka nakulira ku Wales. Iwo anayesa ana mazanamazana koma osapeza wowagwira mtima, kufikira pamene anakumbukira chithunzi cha kamtsikana kena chimene chinajambulidwa m'chigawo cha Luapula pa nthawi yofufuza malo ojambulira filimuyo. Anthu anatumidwa kukamufunafuna mwanayo, ndipo atapezeka anapatsidwa mbali ya Shula.

Nkhani yake ndi yotere. Mayi wina akuchokera kotunga madzi agwa ndi ndowa yake ataona kamwana kachilendo kataima panjira. Basi mlandu wayambika. Anthu akukatengera kupolisi, wina akuchitira umboni zimene anangolota, ndipo mwanayo, posavomera kapena kukana, akutumizidwa kumsasa wa amayi okalamba oganiziridwa ufiti. Kumeneko aliyense wamangidwa kumsana ndi kansalu koyera katalitali kuti asauluke, ndipo Shula akuuzidwa kuti akadula kansaluko asanduka mbuzi. Mkulu wina wa boma, Bambo Banda, amene mbali yake anasewera Henry B.J. Phiri, akuona kuti mwanayu ndi mgodi wa ndalama: akumuyendetsa m'mabwalo a milandu kuti aziloza akuba, akupita naye pa wailesi ya kanema kukatsatsa mazira, kenaka akumukakamiza kugwetsa mvula. Misasa ya mtundu umenewu iliko ndithu ku Ghana, kumene Mayi Nyoni anakakhalako pokonzekera filimuyi. Za kansalu koyerako anachita kupeka okha.

Filimuyi inaonetsedwa koyamba ku Cannes, m'dziko la France, mu May 2017. Openda mafilimu ambiri anagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti mphamvu yake yonse ili pankhope ya mwanayu. Shula sayankhula kwenikweni. Amangoyang'ana, nthawi zina misozi ili mbwembwembwe, pamene akuluakulu omuzungulira akulongolola m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'Chingerezi. Ife amene tinazolowera zisudzo za pawailesi, momwe katswiri amadziwika ndi pakamwa, tikhoza kudabwa kuti munthu angatamandidwe chifukwa chokhala chete. Komatu kukhala chete kumeneko n'kumene kumavula akuluakuluwo, chifukwa woonera amatha kuona yekha kuti mlandu wonse waumbidwa ndi mantha ndi dyera lawo. Ena mwa opendawo anadandaula kuti nthabwala ndi chisoni zasakanizika mosokoneza, ndiponso kuti mathero ake samveka msanga. Madandaulo amenewa ankapita kwa wolemba, osati kwa mwanayo.

Kumapeto kwa 2017 dzina la Maggie linalowa m'gulu la amayi asanu opikisana pa mphotho ya British Independent Film Awards, pamodzi ndi akatswiri onga Frances McDormand ndi Ruth Wilson. Mphothoyo inapita kwa Florence Pugh. Mayi Nyoni anapambana ngati mtsogoleri wa filimu, ndipo mu 2018 iwo ndi Emily Morgan analandira mphotho ya BAFTA ya ongoyamba kumene. Dziko la Britain linatumizanso filimuyi ku mpikisano wa Oscar, koma sinafike m'gulu lomaliza.

Kunena zoona, nkhani ya Shula si yachilendo kwa ife a kuno ku Njewa, ku Chinsapo kapena ku Mgona. Makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati amadziwa kuti pakagwa maliro odzidzimutsa kapena matenda osamveka, chala chimakonda kuloza kwa gogo wokhala yekha kapena kwa mwana wamasiye wosowa womuyankhulira. Lamulo la za ufiti la dziko lino, limene linakhazikitsidwa mu 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mufilimuyi wapolisi ndiye woyamba kulandira dandaulo la anthu am'mudzi, ndipo m'malo momuteteza mwanayo akumupereka m'manja mwa Bambo Banda.

Mayi Nyoni anatulutsa filimu yawo yachiwiri, On Becoming a Guinea Fowl, mu 2024, ndipo inawapezetsa mphotho ku Cannes. Mwini nkhani m'filimu imeneyi dzina lake ndi Shula kachiwiri, koma tsopano ndi mayi wamkulu, ndipo anasewera mbaliyo ndi Susan Chardy.