Malo ochepa a m'mutu

Pamisika ya Ntaja, Ulongwe ndi Liwonde simusowa abambo atazinga bawo. Timaenje ndi 32, njere 64. Katswiri sagwira njere asanaziyendetse m'mutu: zikathera apa ndidya izo, ndikafesanso zikagwera pati? Alex de Voogt, yemwe anafufuza akatswiri a bawo ku Zanzibar n'kulemba buku mu 1995, anaona kuti ngakhale odziwa kwambiri amafika poti sangathenso kutsata njere m'mutu.

Malire amenewa ndi mutu waukulu m'maphunziro a kaganizidwe ka munthu. Mu 1974 Alan Baddeley ndi Graham Hitch analongosola chimene amachitcha working memory. Sikukumbukira zakale, monga dzina la agogo kapena njira ya kumunda. Ndi kugwirizira zinthu zingapo m'mutu kwa kanthawi uku ukuzigwiritsa ntchito, monga amachitira mayi wogulitsa usipa powerengera chenje. Malo ake ndi ochepa. George Miller mu 1956 anati timagwira zinthu pafupifupi 7. Ofufuza a pambuyo pake amati mwina 4 zokha.

Nanga katswiri amaposa bwanji anzake? Amamanga zambiri kukhala mtolo umodzi. William Chase ndi Herbert Simon anaonetsa zimenezi mu 1973 pa osewera chess: wodziwa saona kanthu kamodzikamodzi, amaona kakhalidwe ka bolodi kamene anakumana nako kale. Ubongo wake si waukulu kuposa wathu, koma chizolowezi chamupulumutsira malo.

Tsono taganizirani mwana wa ku Machinga, kapena wa m'midzi yambiri ya Balaka, boma lomwe linapatulidwa ku Machinga mu 1998. Kwawo amayankhula Chiyao. Masana kumadrasa amaloweza Chiarabu. Kusukulu amapeza Chichewa, chomwe chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndi Chingerezi, chomwe lamulo la maphunziro la 2013 linati ndicho chophunzitsira. Aphunzitsi akamufunsa samu ya mawu, kamalo kake kochepa kaja kamadzaza ndi kumasulira funso. Samu yeniyeniyo imasowa pokhala. Akakhala duu, ena amafulumira kunena kuti ndi mbuli, pamene mwana yemweyo akatumidwa kumsika sabedwa ngakhale K50.

Ine zimandiwawa, chifukwa timasokoneza zinthu ziwiri zosiyana: kuloweza ndi kumvetsa. Woloweza amabwereza mawu monga anawamvera. Womvetsa mukamusinthira funso amapezabe njira. Jim Cummins mu 1979 anasiyanitsanso chiyankhulo chocheza ndi chiyankhulo chophunzirira. Choyambacho mwana amachitola msanga pabwalo. Chachiwiricho chimatenga zaka zisanu kapena kuposerapo. N'chifukwa chake mwana wotha kucheza bwinobwino m'Chichewa akhoza kulephera kufotokoza m'Chichewa chomwecho chifukwa chake madzi a mumtsinje wa Shire amachepa m'chilimwe.

Lev Vygotsky, m'buku lake la 1934, analemba za kudziyankhula mumtima, liwu lija limatitsogolera tikamasinkhasinkha vuto. Limayamba ngati kuyankhula mokweza mwana akamasewera yekha, kenako limalowa m'kati. Kwa ana ambiri a ku Ntaja liwulo ndi la Chiyao. Ndikanakonda ophunzira a pakoleji ya aphunzitsi ya Machinga atamauzidwa kuti mwana akamanong'ona m'Chiyao powerengera zala, asamamuletse. Amulole amalize, kenako amuthandize kunena yankholo m'chiyankhulo cha m'kalasi.