Mpeni Unkayenda ndi Mwini Wake

Masiku athu mwamuna sankachoka pakhomo wopanda mpeni. Chipewa ankatha kuiwala, nsapato n'kuti ambiri alibe n'komwe, koma mpeni ayi. Munthu akafunsa pabwalo kuti, "Ali ndi mpeni ndani apa?" manja a amuna onse ankalowa m'matumba nthawi imodzi. Inu adzukulu mukamva za munthu woyenda ndi mpeni mumayamba mwaganiza za chigawenga. Ife tinkaona munthu woti ntchito ikamupeza panjira saithawa.

Tiyambire kumene matumba kunalibe. Thumba linabwera ndi kabudula ndi jekete. Agogo athu, ovala nyanda ndi zikopa, mpeni ankausunga m'chimake cha mtengo kapena cha chikopa, n'kuumangirira m'chiuno kapena pamkono. Mpeniwo sunali wa kusitolo. Unkachokera m'nthaka yathu yomweyi. Amisiri ankakumba miyala yachitsulo, kuotcha makala, kumanga ng'anjo yadothi, n'kuisonkhezera mpaka mwala utatulutsa chitsulo. Kenako wosula ankakhala pansi, mnyamata akupopa mvukuto wa chikopa cha mbuzi, iye akumenya chitsulo chofiira pamwala. Livingstone atafika kwa Amang'anja kumapiri a Shire mu 1859 anapeza midzi ili ndi ng'anjo zake ndi osula ake, akupanga nkhwangwa, mikondo, mivi ndi singano. Mabwinja a ng'anjo zotere akadalipo m'nkhalango ya Kasungu. Choncho wina asakunamizeni kuti chitsulo tinachidziwira kwa azungu.

Chimene azungu anabweretsa ndi mpeni wopinda, komanso chitsulo chotsika mtengo chimene chinazimitsa ng'anjo zathu. Masitolo a Mandala ndi a Amwenye atafalikira, mipeni ya ku Sheffield, ku England, inayamba kuoneka m'mashelefu. Osula sanathe, koma anasiya kukumba miyala n'kuyamba kusula zidutswa za makasu akale ndi masipuling'i a galimoto.

Mfumu ya mipeni yonse ya m'thumba inali okapi, ndipo njira yake yofikira m'midzi mwathu inadzera ku Joni. Msonkho utavuta, amuna ankapita kukafuna ndalama kunja, ena ndi Wenela kumigodi ya golide, ena ndi Mthandizi kumafamu a ku Rhodesia, ena paselefu, wapansi. A Wenela ankakwera ndege mpaka Francistown, kumeneko n'kulowa sitima ya ku Johannesburg. Dzina lija la Wenela limene mumalimva pa depoti ya mabasi ku Blantyre linatsalira nthawi imeneyo. Pofika 1973 Amalawi a kumigodi ya ku South Africa anali opitirira 100,000. Wobwerako, amene sanatchone, ankatsika ndi bokosi lachitsulo: bulangete, jasi, nsalu za mayi, wina wailesi, wina njinga. Pansi pa bokosilo sipankalephera okapi awiri kapena atatu, wina wake, wina wa amalume, wina wa apongozi.

Ambiri tinkayesa kuti ndi mpeni wa ku Joni konko, pamene kwawo kwenikweni kunali ku Solingen, mzinda wa osula mipeni ku Germany. Anayamba kuupanga mu 1902 kuti azigulitsa kuno ku Africa, n'kuupatsa dzina la nyama ya m'nkhalango za ku Congo imene chithunzi chake ankachidinda pampenipo. Mu 1988 m'pamene makina ake anasamukira ku South Africa, ku Isithebe m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Chogwirira chake chinali cha mtengo wofiirira, chokongoletsedwa ndi kamwezi ndi tinyenyezi tachitsulo. Kumsana kunali kachitsulo kokhala ndi mphete. Poutambasula unkalira kuti kererere, kenako khwa! Ukatero sunkapindikanso mpaka utakoka mphete ija, ndipo n'chifukwa chake amisiri ankaukonda, poti sunkakubwerera pazala ukamasema mtengo wouma. Chitsulo chake chinkachita dzimbiri msanga munthu akauiwala pamame, komabe chinkamva mwala. Kungounola pang'ono, wathwa kale.

Ntchito zake ndingazitchule mpaka tambala woyamba. M'mawa munthu ankadula kamtengo n'kukasongola kukhala mswachi. Kumunda khasu likaguluka, ankapala mpini pomwepo n'kulikhomanso. Nzimbe, chinangwa, mango, papaya, zonse mpeni womwewo. Koma ntchito yake yaikulu inali pa luzi ndi nsungwi. Mudzi wathu wonse unali womangidwa ndi luzi: denga, nkhokwe, khola, mpanda, chitseko. Kuti upeze luzi unkacheka khungwa la mombo, kulisenda, kuling'amba timizere. Nsungwi unkaziwaza, kuzipala mpaka zitasalala, kenako m'pamene pankatuluka dengu, lichero, nsengwa kapena mono wa kumtsinje. Amalume anga ankapala nsungwi ataiyala pabondo pamene anaikapo kachikopa, mpeni uli chilili, dzanja likungokoka nsungwiyo. Maso anali pa amene akucheza naye. Mthiko ndi chipande cha amayi, msampha wa mbewa, chikwatu cha nkhunda, zikhomo za ng'oma, zonsezi ankamalizira ndi kampeni ka m'thumba nsompho ikachita mbali yake. Munga ukathyokera kuphazi, nsonga ya mpeni ndiyo inkautulutsa. Fodya wa chingambwe ankamudula nawonso.

Pamaliro ndi paukwati mpeni unkasonyeza amene ali wothandiza. Mbuzi ikagwa, amuna ankaizungulira, aliyense ndi wake, wina kusenda, wina kutumbula, wina kugawa. Kumadera kumene tinkakhala ndi abale athu Achisilamu, tinkaitana mmodzi wa iwo kuti achinje, kuti ndiwo zidyedwe ndi onse. Ankabwera ndi mpeni wake, wonoledwa bwino, poti chiweto sachizunza ndi mpeni wobuntha.

Mwana sankangopatsidwa mpeni. Ife anyamata a kubusa tinkayamba ndi msomali: kuusasantha pamwala mpaka utaphwatalala, kuunola, n'kuukulunga mphira kumapeto. Akuluakulu ankayang'ana mmene ukuugwirira. Kodi ukusema cholozetsa kwa iwe mwini kapena kunja? Kodi ukuusiya pansi pamene makanda akukwawa? Akakhutira, tsiku lina atate kapena amalume ankangoti, "Tenga, usautaye," basi. Panalibe mwambo wa ng'oma, koma mnyamata ankadziwa kuti ayamba kumuwerengera pakati pa amuna.

Malangizo ake anali ochepa, koma olimba. Popatsira mnzako umagwira kukuthwa, iye alandire chogwirira, ndipo kwa wamkulu umapereka ndi manja awiri. Suloza nawo munthu, ngakhale mocheza. Wobwereka amabweza pomwepo, ataupukuta. Lalikulu koposa linali lakuti mpeni sutuluka pamkangano. Amuna ankatha kukangana pamowa, kugwirana m'khosi, mipeni ili m'matumba mwawo, osaikhudza. Amene wasolola mpeni pandewu, ngakhale asanabaye munthu, mlandu unkamugwera iyeyo pabwalo la a mfumu. Ankalipa nkhuku kapena mbuzi, ndipo dzina loipalo linkamutsata mpaka kokafunsira mbeta.

Okapi analinso ndi mbiri ina, yoipa. M'makomboni a ku Johannesburg unali mpeni wa matsotsi. Amene anagwirako ntchito ankasimba za Lachisanu lolandira malipiro, mmene munthu ankamvera kulira kuja kwa kererere kumbuyo kwake mumdima, n'kudziwa kuti ndalama zapita. Ena mwa anyamata athu anabwera nako kuno kachitidwe kameneko, kutambasula mpeni ndi dzanja limodzi pamaso pa anthu kuti aopedwe. Akuluakulu ankanyansidwa nazo kwambiri. Ine mpaka lero zimandiwawa kuti chida chimene chinaluka nkhokwe za mudzi wonse chikumbukiridwe ndi zochita za anthu ochepa amenewo.

Njira ya ku Joni inaduka mwadzidzidzi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu analetsa kulemba anthu, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi. Mu 1977 kulemba kunayambiranso pansi pa dzina la TEBA, koma ochepa, mpaka kunatheratu mu 1988. Mabokosi achitsulo atasiya kubwera, okapi watsopano anayamba kusowa, ndipo m'misika munadzaza timipeni tonyezimira tosamva mwala.

Komabe ine sindikhulupirira kuti zimenezo n'zimene zinachotsa mpeni m'thumba. Unachoka chifukwa ntchito yake inachoka. Luzi linalowedwa m'malo ndi waya ndi linya, dengu ndi beseni lapulasitiki, nkhokwe ndi matumba a mufakitale osungira m'nyumba. Mitengo ya mombo nayo inathera kumakala. Munthu amene amagula chilichonse chopangidwa kale alibe chodula, ndiye mpeni ukapezeka m'thumba mwake anthu amafunsa kuti ngwa chiyani, apolisi nawo amafunsa chimodzimodzi. Amene akuyendabe nawo mwachilungamo ndi oluka mipando ndi madengu m'mbali mwa misewu, asodzi a kunyanja, osema ziboliboli, ndi ife okalamba amene tinazolowera.

Mpeni umodzi unkatha zaka zambiri. Kunola kwa tsiku ndi tsiku kunkaudya pang'onopang'ono mpaka unkatsala wowonda ngati tsamba la nsungwi. Chogwirira chikasweka, mwini wake ankasema china cha mlombwa n'kuchikhoma ndi timisomali. Mphete ikaduka ankapinda waya. Ukafika poti sungasemenso, unkapita kwa amayi kukadula masamba a ndiwo, ndipo ukathyoka, kachidutswako wosula ankakasongola kukhala choboolera zikopa ndi nsapato.