Musathamangire simenti ku Fort Lister

Mukachoka ku Chambe n'kuzungulira phiri kulowera ku Phalombe, pampata wa Mulanje ndi Michesi mupeza mabwinja a Fort Lister. Angerezi anamanga lingali mu 1893 kuti atseke njira imene ogulitsa akapolo ankadzera popita ku Quelimane. Lero kwatsala njerwa zogumukagumuka.

Wina anganene kuti, "Ingomatani simenti basi." Ayi ndithu. Njerwa zakale zimamwa madzi n'kuwatulutsanso, koma simenti imatsekera chinyontho mkati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka. N'chifukwa chake akatswiri amayamba adula kachidutswa kopyapyala n'kukaunika pa maikulosikopu. Timchenga tamkatimo timaulula dothi lake ndi ukali wa moto umene unaiotcha, ndiye amaumba njerwa yofanana nayo.

Tikakonza mwachimbulimbuli, tidzagwetsa tokha umboni wa njira ija.