Matumbo Aakulu ndi Kupima kwa Colonoscopy

Matumbo aakulu ndi otalika pafupifupi mita 1.5, ndipo nchito yake ndi kuyamwa madzi m'zotsala za cakudya. Amayambira m'munsi mwa mimba kudzanja lamanja, kukwera mpaka pafupi ndi ciwindi, kudutsa kumanzere, kenako kutsikira kotulukira cimbudzi. Anakhota conco cifukwa mwana asanabadwe, pa mwezi waciwiri ndi wacitatu wa pathupi, matumbo amazungulira asanakhazikike.

Popima ndi colonoscopy, dokotala amalowetsa kapaipi kofewa ka kamera kotha kutsatira makona onsewa. Akapeza tinyama tomera m'kati, amaticotsa tisanasanduke khansa. Dzulo lake munthu amamwa mankhwala otsuka m'mimba, cifukwa zotsalira zimabisa tinyamato.

Abale ndi alongo, mukaona magazi m'cimbudzi, pitani kucipatala msanga.