Ana a ku Mpamba ndi Mbiri za Atsogoleri Awo

Munthu wotsika ku Mzuzu pa msewu wa ku Nkhata Bay, akatha kukhotakhota m'mapiri nafika ku Mpamba, m'dziko la Mfumu Timbiri, kumene chinangwa ndi nthochi zadzaza m'minda ndipo mpunga ubiriwira m'dambo la Limphasa, amakhala walowa pakati pa Atonga, anthu amene, ngakhale ali ochepa powawerenga, anapatsa dziko lino ndi maiko a kummwera atsogoleri ochuluka koposa muyeso wawo. M'maiko ena mwana wa mtundu wotere akadakula ndi timabuku ta zithunzi, tonena za moyo wa mtsogoleri kuyambira ali wakhanda kufikira imvi, tolembedwa mwanthabwala kuti mwanayo aseke namva mbiri ya kwawo osazindikira kuti akuphunzira. Kuno mwambo wophunzitsa mbiri mwa njira imeneyi unalipo kalekale, koma unayenda njira ina, ndipo pofika pakhomo la buku unapunthwa.

Pepala lisanafike, mbiri inali kukhala m'kamwa mwa akulu, ndipo inali kuyenda ndi dzina la munthu. Angoni a M'mbelwa atagwira Atonga ambiri ndi kuwalowetsa m'magulu awo a nkhondo, anthuwo anapirira kufikira m'zaka za m'ma 1870, pamene anathawa natsikira kunyanja, namanga malinga. Ndipo Angoni atawalondola kuti awabweze, anagonjetsedwa pa Chintheche, pafupi ndi linga la Mankhambira. Mwana sakadasunga chaka, ngakhale kutalika kwa ulendo wothawawo, koma dzina la Mankhambira analisunga, ndipo pa dzinalo anakolowekapo zonse: ukapolo, kuthawa, linga, ndi tsiku limene anthu opalasa bwato anaimika anthu a zishango. Tidziwanso kuti wokamba nthano waluso sakamba ali chikhalire. Amanyamuka, nayenda monga ayendera mfumu, natsanzira mantha a wothawa, nasintha mawu kukhala a nkhalamba kapena a mwana, kotero kuti thupi lake ndilo linali chithunzi, ndipo kuseka kwa ana kunali umboni wakuti nkhani yalowa.

Mu 1881 amishoni a Livingstonia, potopa ndi malungo a ku Cape Maclear, anasamukira ku Bandawe, m'dziko la Mfumu Marenga, motsogozedwa ndi Dotolo Robert Laws. Palibe mtundu m'dziko muno umene unathamangira sukulu monga anathamangira Atonga, ndipo m'zaka zowerengeka timasukulu tinafalikira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi ya kumtunda. Buku loyamba la mbiri limene ana aja anagwira linali Buku Lopatulika, ndipo nalonso linali kuphunzitsa mwa njira yomwe anaizolowera, pakuti mbiri ya Israele anaimva m'moyo wa Mose wotulutsa anthu mu ukapolo, wa Yoswa, ndi wa Davide mbusa wogwetsa chimphona ndi mwala. Sikunali kovuta kwa zidzukulu za othawa Angoni kumvetsa ulendo wa ku Eksodo. Koma kuseka kunatsalira pabwalo, chifukwa mbiri yopatulika siseketsa, ndipo mphunzitsi wa masiku amenewo, ndi ndodo yake pambali, sanali munthu womusekera pamaso.

Kuseka kothamangitsidwa m'kalasiko kunapeza malo m'gule. Itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene inatenga amuna ambiri kukhala asilikali ndi amtengatenga, malipenga anakhazikika m'midzi ya kunyanja. Ndipo ine ndiyesa kuti amenewa ndiwo anali buku lenileni la zithunzi la Atonga. Taonani amuna atandanda m'mizere, atavala akabudula oyera ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, zipewa za nthenga kumutu, ndodo kapena kansalu m'manja, ena akuliza zikho zomatidwa ndi nembanemba ya kangaude m'malo mwa malipenga achitsulo, ng'oma yaikulu ikugunda pakati. Gulu lililonse litchedwa boma, ndipo lili ndi mfumu yake yotchedwa kingi, ndi akapitawo, ndi dotolo woyendera mizere monga ayendera odwala. Wovina aponda mwaulemu wopitirira muyeso, natukula chibwano, nayang'ana kumbali monga Mzungu woyendera asilikali, ndipo ana okhala m'mphepete mwa bwalo amagwa nako kuseka. Mwana woonerera zimenezi anaphunzira kuti kunabwera ulamuliro wachilendo, kuti unali ndi maudindo ake ndi mavalidwe ake, ndiponso kuti makolo ake, angakhale anaugwirira ntchito, anaupenyetsetsa kufikira anatha kuuvala ndi kuuvula monga malaya.

M'zaka za m'ma 1930 ana a sukulu za mishoni anayamba kulemba okha. Filemon Chirwa anasonkhanitsa Nthanu za Chitonga, Yesaya Chibambo analemba mbiri ya Angoni, ndipo kwa Achewa Samuel Josiah Nthara, atapambana mphotho ndi Nthondo mu 1933, analemba Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza. Buku lotsirizali liyenera kukumbukiridwa kwambiri pa nkhani yathu, pakuti m'moyo wa nyakwawa imodzi ya ku Dowa, mlenje ndi mlimi amene anaona nkhondo za Angoni, malonda a minyanga, kufika kwa boma ndi kwa mpingo, Nthara anaonetsa kusandulika kwa dziko lonse, naonetsanso kuti mtsogoleri angathe kulembedwa ndi nzeru zake pamodzi ndi zophophonya zake. Njira inali italambulidwa. Chotsalira chinali kuifupikitsa, kuikamo zithunzi, ndi kuipereka kwa ana aang'ono.

Ndipo anthu oti alembedwe sanasowe, pakuti dziko la Atonga linabala mopitirira. Eliot Kenan Kamwana anabwera kuchokera kummwera mu 1908 nabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yowerengeka, kufikira boma linachita mantha nkumuchotsa m'dziko mu 1909, ndipo sanaloledwe kubwerera kwawo kufikira 1937. Yesaya Zerenji Mwasi, mbusa wophunzira kwambiri, anatuluka mu ulamuliro wa amishoni mu 1933 nalemba zifukwa zake poyera. Kanyama Chiume anabadwira ku Usisya mu 1929, nalowa m'nyumba ya malamulo mu 1956. Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya wa mabwalo aakulu, ndiye anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959, Dotolo Banda ali m'ndende ku Gweru, nasunga mpando kufikira mwini wake atatuluka. Chaka chomwecho cha 1959, pa 3 Malichi, anthu osonkhana padoko la Nkhata Bay pofuna abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa anawomberedwa. Lipoti la Devlin, lofufuza zimenezi, linawerenga akufa 20, ndipo eni dziko amawerenga oposa pamenepo.

Koma mwa onsewa, amene moyo wake ukuitana wojambula ndi mawu okweza ndiye Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe cha m'ma 1896. Mnyamatayu, atatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia, anachoka kwawo mu 1915, nagwira ntchito za ukalaliki ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, osakhalitsa paliponse chifukwa sanali wodziwa kumeza chipongwe, nafika ku Cape Town mu 1918. Kumeneko wapolisi wachizungu anamukankha kumuchotsa m'mbali mwa msewu moyenda anthu, ndipo m'kukankhidwa kumeneko munatuluka chibwenzi chake ndi Mzungu wina, A. F. Batty, amene anamulimbikitsa kusonkhanitsa antchito. Mu Januwale 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU ndi anthu ochepa apadoko. Chaka chisanathe anaimitsa ntchito padokopo. Ndipo pofika 1927 bungwelo linali ndi anthu okwana 100,000, iye mwini ali kuyankhula m'mizinda ya ku Ulaya. Pambuyo pake bungwe linagawanika chifukwa cha mikangano ya atsogoleri ndi kasungidwe ka chuma, ndipo iye anamwalira ku East London mu 1951. Wojambula waluso akadaika patsamba limodzi mnyamata wovala bwino ali dzandidzandi, chipewa chikugubuduka m'fumbi, wapolisi atatupa ndi ukali. Ndipo patsamba lotsatira sitima zikuluzikulu zili chiimire padoko, katundu ali mbwee, mabwana akugwira m'chiuno posowa womunyamula. Mwana akadaseka patsamba loyamba, nasekanso mokondwa patsamba lachiwiri, ndipo pakati pa masamba awiriwo akadamva chifukwa chimene agogo ake anapitira ku Joni ndi ku Harare, ndi chimene ena anasandukira matchona.

Chimene chinatseka njira chidziwika kwa onse amene anakhala m'kalasi pakati pa 1964 ndi 1994. Nduna zitasemphana ndi Dotolo Banda miyezi iwiri chilandirire ufulu, Orton Chirwa ndi Chiume anathawira kunja, natchedwa zigawenga, ndipo maina awo anafafanizidwa m'kamwa mwa aphunzitsi. Mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku asanafike kwa anthu, ndipo chaka chomwecho Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, kotero kuti mwana wa ku Mpamba, woyankhula Chitonga pakhomo pa amake, anayenera kuwerenga m'chiyankhulo cha ena. Mbiri yophunzitsidwa m'moyo wa mtsogoleri sinathe ayi. Inakula koposa kale, koma mtsogoleriyo anatsala mmodzi, Dotolo Banda. Mwana aliyense anadziwa za mnyamata wa ku Kasungu woyenda pansi kupita kummwera, wophunzira udotolo ku America ndi ku Scotland, wotera pa Chileka pa 6 Julayi 1958 kudzaphwanya chitaganya. Nkhaniyo njokoma ndithu, ndipo inakhazikika m'mitu ya ana chifukwa chakuti inali nkhani ya munthu. Koma chithunzi chake chinapachikidwa pakhoma pamwamba pa zonse, popanda wotchi kapena chithunzi china chololedwa kuchiposa, ndipo kuchiseka kunali kudziitanira ndende. Ojambula zoseketsa analipo, monga Brian Hara m'nyuzipepala, koma nthabwala zawo zinayenera kuthera pa anthu wamba ndi zochitika za m'mudzi ndi m'tauni. M'zaka zomwezo Orton Chirwa, wogwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu Disembala 1981, anali m'ndende ya Zomba, kumene anamwalira mu Okutobala 1992, ana a kwawo akuloweza mbiri yopanda dzina lake.

Alipo akulu ena, ndipo ndiwalemekeza, amene amati kujambula mtsogoleri moseketsa ndiko kumuchotsa ulemu, makamaka iye amene anafera anthu ake. Koma makolo athu, amene anadziwa ulemu wa ufumu koposa ife, ndiwo anati mutu ukakula sulewa nkhonya, natinso mfumu ndi dzala. Ndipo pa maliro penipeni analola adzukulu kuchita nthabwala ndi kutsanzira mayendedwe a malemu, podziwa kuti amene timukonda ndiye timukumbukira ndi misozi ndi kuseka pamodzi. Pali zinthu zosaseketsa, ndipo padoko la Nkhata Bay pa 3 Malichi wojambula ayenera kugwira cholembera chake ndi mantha. Komatu mwana amene anaseka ndi Orton Chirwa ali mnyamata wopalasa bwato ndi kulimbana ndi masamu, ndiye adzamulira moona pomupeza m'maunyolo ku Zomba. Mtsogoleri wosasekedwa konse asanduka fano, ndipo fano mwana amaliopa kapena kuliiwala.

Chiyambire chisankho cha pa 14 Juni 1993, pakamwa panatseguka, ndipo nyuzipepala zinadzaza ndi zithunzi zoseka akuluakulu a ndale. Koma zimenezo zinali za akulu okhaokha. Sukulu yaulere ya 1994 inadzaza makalasi ndi ana ochuluka koposa mabuku, ndipo osindikiza, poona kuti phindu lili m'mabuku a mayeso, anatsata komweko. Lero nkhope za atsogoleri zimene mwana wa ku Mpamba amaziona kawirikawiri ndi za pa ndalama, za Chilembwe, Rose Chibambo, James Sangala ndi ena, ndipo akapita ku Mzuzu amawerenga dzina la Orton Chirwa pa chikwangwani cha msewu. Ku South Africa, kumene Kadalie anagwira ntchito yake, moyo wa Nelson Mandela anaufupikitsa kukhala buku la zithunzi la ana mu 2009, ndipo palibe amene anati ulemu wake wachepa.

M'mera mpoyamba. Inu aphunzitsi a ku Mpamba, ku Chintheche, ku Kande ndi ku Usisya, inu anyamata ndi atsikana amene mumajambula zikwangwani za masitolo ndi kumbuyo kwa makope anu, pitani kwa akulu amene anaona 1959 ndi maso awo akali moyo, mufunse mmene anthu amenewa anali kuyendera, chimene chinali kuwakwiyitsa ndi chimene chinali kuwaseketsa, ndipo mulembe timabuku ta masamba ochepa, m'Chitonga ndi m'Chichewa momwe, kuyambira ndi Mankhambira ndi Kadalie.