Anamwino a ku Nyanja: Kale ndi Lero

Ife anthu a m'mbali mwa nyanja, kucokera ku Meluluca, Metangula, Messumba mpaka ku Cóbuè, timadziwa kuti cipatala ciri kutali. Mai akadwala usiku timamunyamula pa macira kapena m'bwato. Tikafika, amene amatilandira ndi namwino. Kodi nchito imeneyi inayamba bwanji kuno kwathu?

Kale makolo athu ankadalira asing'anga ndi azamba. M'caka ca 1882 m'busa wa Anglikani, William Percival Johnson, anayamba nchito yace m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Mu 1885 misyoni inakhazikika pa cilumba ca Likoma. Mu 1899 kunabwera dotolo Robert Howard. Iye anaphunzitsa anyamata a kuno kutsuka zilonda ndi kugawa mankhwala. Pambuyo pace misyoni ya Messumba inakhala ndi cipatala cace, ndipo odwala ankabwera kucokera m'midzi yakutali.

Boma la atsamunda a Cipwitikizi silinasamale za umoyo wa anthu a kumidzi. Madotolo ambiri ankakhala m'mizinda. Munthu wakuda sankapeza nchito zapamwamba, koma unamwino unali khomo limodzi lotseguka. Samora Machel analowera pa khomo lomweli. Anaphunzira unamwino pa cipatala ca Miguel Bombarda ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Kumeneko anaona kuti namwino wakuda amalandira ndalama zocepa kuposa mzungu pa nchito imodzimodzi. Mu 1963 anasiya cipatala nakalowa Frelimo.

Nkhondo ya ufulu inayamba mu 1964. Anthu ambiri a kuno anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Ena analowa m'nkhalango, ndipo kumeneko anyamata ndi atsikana anaphunzira kumanga mabala a ankhondo.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Pa 24 Julai caka comweco boma linatenga zipatala zonse kuti zikhale za anthu onse. Koma madotolo ambiri a Cipwitikizi anali atacoka. M'dziko lonse munatsala osakwana 100. Katundu yense anagwera anamwino. Kuyambira 1976 mpaka 1979 magulu a katemera anayenda mudzi ndi mudzi kuteteza anthu ku nthomba, cikuku, kafumbata ndi cifuwa cacikulu. Mu 1978 midzi inayamba kusankha anthu ace kuti akaphunzire kuthandiza odwala pamudzi pomwepo. Kuti munthu asankhidwe, anayenera kudziwa kuwerenga ndi kulemba.

Nkhondo yaciwiri inaononga zipatala zambiri za kumidzi, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Zitatha izi, nchito inayambanso. Lero mwana wa ku Lago angathe kuphunzira unamwino m'cigawo cathu comwe cino, ku Lichinga kapena ku Cuamba, nalandira dipuloma.

Koma njira ya ku Lichinga imayambira pa sukulu ya pamudzi. Namwino amawerenga dzina la mankhwala, amayeza mlingo wace, amalemba kulemera kwa mwana pa khadi. Akalakwitsa nambala imodzi, moyo wa munthu uli pangozi. Mnyamata amene tamucotsa m'kalasi kuti akakoke khoka la usipa sadzafika kumeneko. Mtsikana amene tamukwatitsa msanga sadzafikanso.

Ife akulu tikuphunzira zilembo madzulo ano. Mawa m'mawa tiyeni tionetsetse kuti ana athu apita ku sukulu. Wodwala amafotokoza bwino ululu wace kwa namwino womva Cinyanja.