Mutu

Mawu akuti mutu satchula chiwalo chokha. Timati mutu ukupweteka, timatinso mwana uyu ali ndi mutu, kapena mutu wake sukugwira, osaona ngati tasintha nkhani. Ena amati uku n'kusakaniza zinthu ziwiri, mnofu ndi nzeru, zimene René Descartes anazilekanitsa kalekale pophunzitsa kuti maganizo ndi thupi n'zosiyana. Koma ku Kabwe zikuoneka kuti chilankhulo chathu sichinalakwe. Mgodi wa mtovu wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'dothi la ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, kumene ana amasewera n'kumaika zala m'kamwa. Mtovu ukalowa m'magazi umawononga ubongo umene ukukula, ndipo mwana amavutika kukumbukira ndi kutchera khutu m'kalasi. Womutcha waulesi akuweruza maganizo pamene chavulala ndi thupi.

Wina anganene kuti khama ndi maleredwe zilinso ndi mbali yake. N'zoona, ndipo m'makomboni amenewa alipo ana okhoza bwino. Koma khamalo limachokera m'mutu womwewo umene mtovu umaufikira, choncho mwana wotsalira m'kalasi ku Kasanda ayenera kuyezedwa magazi asanadzudzulidwe.